Lipoti la ulendo wanga wa ku Kampala pa zophunzitsa bizinesi

A Tcheya ndi anzanga nonse a mu komiti yoona za kosi yathu ya bizinesi, ndabwerako bwino, ndafika Lamulungu usiku. Ndimati ndidikire tidzakumane maso ndi maso koma ndaona kuti ndikachedwa zina zindithawa m'mutu, ndiye ndalemba kuti aliyense awerengeretu tisanakhale pansi. Zikomo pondikhulupirira n'kundituma.

Msonkhanowu unali wa masiku atatu, tinalipo aphunzitsi a m'mayunivesite a ku Uganda konko, Kenya, Tanzania, Ghana, ena ochokera ku Germany ndi ku Finland, a ku Malawi tinali awiri. Nkhani yake inali yoti tingaphunzitse bwanji ana a ku yunivesite bizinesi yokhalitsa, yosaononga chilengedwe, yosadyera anthu masuku pamutu, komanso mwana azitha kuona msika wa kunja kwa dziko lake. Za m'mawa wa tsiku loyamba sindikhalitsapo, zinali zotsegulira ndi ma SDG 17 aja, zolinga za chitukuko chokhazikika za United Nations za mu 2015, zomwe zilimo kale mu silabasi yathu. Chimodzi chokha chomwe chinandigwira ndi cha triple bottom line, ija timauza ana kuti bizinesi iziyezedwa pa phindu, pa anthu ndi pa chilengedwe. Mwini wake wa mawuwa John Elkington anawayambitsa mu 1994, koma mu 2018 iye yemweyo analemba zoti akuwabweza kaye chifukwa makampani anangowasandutsa chokometsera malipoti. Ifetu tikumafunsabe funso limeneli pa mayeso chaka ndi chaka kuti mwana atchule zitatuzo alandire malikisi, ndipo zinandipweteka mumtima.

Chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi cha tsiku lachiwiri. Anatifotokozera za pulogalamu yotchedwa STEP, yomwe inapangidwa ndi Leuphana University ya ku Lüneburg ku Germany limodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Makerere ku Uganda, mmodzi mwa akadaulo ake ndi Pulofesa Michael Frese. Imayenda masabata 12, ophunzira amagawidwa m'timagulu, gulu lililonse amalipatsa mpamba wa madola pafupifupi 100 ndipo si mphatso ayi, amabweza kumapeto, ndiye kuyambira masabata oyambirira omwewo ana amayamba kugulitsa chinthu chenicheni kwa anthu enieni, zomwe aphunzira m'kalasi sabata imeneyo amakaziyesa pa geni yawoyo sabata yomweyo. Anatchulanso kafukufuku wa ku Lomé ku Togo amene anatuluka mu magazini ya Science mu 2017, pa mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 1,500. Amene anaphunzitsidwa zodziyambira okha zinthu osadikira kuuzidwa phindu lawo linakwera ndi 30 peresenti, pamene amene anaphunzitsidwa mwa nthawi zonse muja, kusunga mabuku, kutsatsa malonda ndi zina, linakwera ndi 11 peresenti yokha, yoti ofufuzawo sanathe n'kutsimikiza komwe kuti yabwera chifukwa cha maphunzirowo.

Masana anatitenga kukaona kagulu kena ka ophunzira amene akuphunzira mwa njira yotereyi, atsikana atatu ndi anyamata awiri, amapanga makala kuchokera ku makoko a nthochi. Ku Kampala nthochi zophika zija amati matooke ndiye nsima yawo, makoko ali mbwee paliponse. Amawayanika, kuwaotcha mu diramu mpaka ade, kusinja, kusakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa ndi dongo pang'ono, kenako kuumba timibulu n'kuyanika pa malata. Mtsikana amene amasunga ndalama za gululo anatulutsa kope la sukulu wamba lakuda bii ndi zala za makala, anatitsegulira tsamba ndi tsamba. Timibulu toyamba tinaphwanyika tonse pa njinga yamoto popita kwa kasitomala chifukwa phala linachepa. Atakonza zimenezo anapita kwa anyamata ogulitsa rolex m'mbali mwa msewu, chapati chija amakulungiramo dzira, anyamatawo anagula kamodzi osabweranso, akuti moto wake ndi wofatsa pomwe iwo amafuna moto waukali wachangu kasitomala ali chiimire. Anawo anatsala pang'ono kusiya, mpaka mmodzi anakumbukira kuti azakhali ake oweta nkhuku amadandaula zodzuka usiku kukaonjezera makala mu mbaula ya anapiye. Kufatsa komwe kunawaluzitsa kwa a rolex kuja ndi komwe oweta nkhuku amafuna, moto wokhalitsa wopanda utsi wambiri. Pano makasitomala awo onse ndi a nkhuku. Nditamufunsa mtsikanayo za kuteteza nkhalango anandiyankha mosazungulira kuti kasitomala wawo sagula chifukwa chokonda mitengo, amagula chifukwa agona tulo ndipo anapiye sakufa ndi kuzizira, zamitengozo amadziwa ndi iwo opangawo.

Anzanga, ine ndaphunzitsa kosi iyi zaka zambiri ndipo ndawerenga ma business plan a makala oterewa osawerengeka, onse amalemba kuti anthu adzagula chifukwa m'Malawi mitengo ikutha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba wanyamula thumba kupita nalo kwa mayi wogulitsa mandasi kuti ayese pa mbaula yake. Vuto si anawo, ndife amene timawapatsa malikisi pa pepala lokha. Bizinesi yosamala chilengedwe ikalephera kupikisana ndi thumba la makala a ku Zalewa pa mtengo ndi pa moto ndiye kuti yafa, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino chotani, ndipo mwana sangazidziwe zimenezi ali pa desiki.

Analankhulanso za Team Academy ya ku Jyväskylä ku Finland, yomwe inayamba mu 1993, kumene ophunzira amatsegula kopaletivu yawoyawo n'kumaphunzira poyendetsa imeneyo mpaka kumaliza digiri, ndi EARTH University ya ku Costa Rica kumene ophunzira zaulimi amabwereka ndalama ku yunivesite n'kuyendetsa bizinesi yeniyeni. Nzabwino koma izi zimafuna kusintha digiri yonse, ife sitinafikepo. Za katswiri wa maphunziro a bizinesi Saras Sarasvathy zija zoti uyambe ndi zomwe uli nazo m'manja, amene uli, zomwe ukudziwa ndi anthu amene ukuwadziwa, ndinawauza kuti kwathu timati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo izi tingazilowetse mu kosi mawa lomwe popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

Tsiku lachitatu ndi pamene panali kukokana, pa nkhani ya maso a kunja. Anzathu ena a ku Ulaya kwa iwo zimenezi zikutanthauza kutumiza ophunzira semesita imodzi ku dziko lina. Nzoona mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ndinaimirira n'kunena kuti kwathu kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ana ambiri akuvutika ndi fizi ndi chakudya chomwe, tikanena kuti maso a kunja ndi tikiti ya ndege ndiye kuti ndi za ana awiri kapena atatu pa kalasi ya anthu opitirira 200. Anzathu a ku Ghana ndi Tanzania anagwirizana nane. Ndinati kwa ife dziko lakunja limabwera lokha pakhomo kudzera m'malamulo a misika. Ndinapereka chitsanzo cha mtedza. Mlimi ku Mchinji kapena ku Kasungu akawaza madzi mtedza kuti usavute kusenda komanso ulemere pa sikelo, chuku chimalowa, ndipo msika wa European Union sulola mtedza wodya anthu wokhala ndi poizoni wa chuku wopitirira magawo 4 pa biliyoni, ndiye kontena yonse ikhoza kubwezedwa chifukwa cha ndowa ya madzi ya pakhonde. Chitsanzo china ndi lamulo la EU la mu 2023 loletsa katundu wolimidwa pogwetsa nkhalango, lomwe likukhudza khofi, soya, koko, mphira, matabwa, ng'ombe ndi mafuta a kanjedza, wogulitsa azionetsa malo enieni a munda pa GPS ndi umboni woti nkhalango sinagwetsedwe pamenepo pambuyo pa 31 December 2020. Tsiku loyamba kugwira ntchito akhala akulisuntha koma lamulolo lilipo, ndipo alimi a khofi ku Misuku ndi ku Phoka adzafuna wina woti awajambulire minda yawo. Imeneyotu ndi bizinesi ya mwana wathu amene ali ndi foni ndipo amadziwa mapu. Ngakhale pafupi pompa, pa boda ya Mchinji ndi Mwami pali Simplified Trade Regime ya COMESA, ndondomeko yofewetsa kaolotsedwe ka katundu wa amalonda ang'onoang'ono, amayi a geni akuidziwa koma ophunzira athu a chaka chachinayi ambiri sanaimvepo.

Ndinawakumbutsanso za Pumani, makina othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, amene anapangidwa ndi ophunzira a Rice University ya ku Houston mogwirizana ndi madokotala ndi manesi a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, oyambirirawo anagwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki owetera nsomba m'nyumba. Mgwirizano umenewu unayenda chifukwa vuto linatchulidwa ndi anthu a mu wodi, akunjawo sanabwere ndi yankho lopangiratu. Apa ndi pamene tinagwirizana zoyesa COIL, njira yomwe inatchuka ndi State University of New York, makalasi awiri a mayiko osiyana kugwira pulojekiti imodzi pa intaneti popanda wina kukwera ndege. Mnzathu wina wophunzitsa ku Uganda wavomera kuti tiyese ndi kalasi yake semesita ikubwerayi kwa masabata 6. Ndinamuuziratu kuti Zoom ya maola awiri ana athu sangakwanitse, bandulo ndi yodula komanso magetsi amathima, ndiye tinapangana kuti zambiri ziziyenda pa WhatsApp, mawu ojambula ndi zithunzi, kukumana pa vidiyo kawiri kokha, poyamba ndi pomaliza, mu labu ya makompyuta.

Pali chimene sitinamvane mpaka msonkhano kutha, kaperekedwe ka malikisi. Ena amati gulu lomwe lapeza phindu lambiri lizikhoza bwino. Ine ndikukana, chifukwa tikatero ana onse athamangira kaunjika ndi kugulitsa mayunitsi, zomwe zimabweza ndalama msanga, ndipo palibe adzayese chinthu chatsopano. Gulu la makala lija masabata oyamba linkaluza ndipo ndi nthawi imeneyo yomwe linaphunzira kwambiri. Maganizo anga ndi oti malikisi azichokera pa kope la ndalama, pa umboni woti analankhula ndi makasitomala angati ndipo anasintha chiyani atamva, komanso pa tsamba limodzi loonetsa kuti zinyalala za bizinesiyo zikupita kuti, nkhuni kapena madzi akuchokera kuti, ndipo amene akuwagwirira ganyu akulipidwa zingati. Zachilengedwezo zilowe mu mtengo wa katundu, zisakhale ndime yomaliza yongokometsera. Mwachitsanzo gulu likafuna kugulitsa zakudya, liziwerengeratu mtengo wa chokulungira chovomerezeka, poti majumbo opyapyala amene kukhuthala kwake sikufika ma micron 60 analetsedwa kuno kuyambira 2015.

Ndiye pempho langa a Tcheya ndi loti pa msonkhano wa Lachisanu tiikepo nkhani yoyesa njirayi ndi timagulu 10 tokha ta chaka chachitatu, osati kalasi yonse, tione kaye pamene pavute. Mpamba ndikuganiza kuti tipemphe ku thumba la dipatimenti ndi kwa amene anaphunzira kuno kale, ndipo tigwirizane poyera kuti gulu likaluza moona mtima, mabuku ali bwino, tidzatani, chifukwa sindikufuna mwana adzakanizidwe zotsatira za mayeso kaamba ka ngongole ya kosi. Tifunikanso mmodzi wa ife akafunse ku ofesi ya mayeso ngati malamulo akulola kuti gawo la business plan lilowedwe m'malo ndi zimenezi popanda kudutsa ku Senate, amayi a Dean mwina angatithandize pamenepo. Mnzathu wa ku Uganda uja akudikira yankho lathu mwezi uno usanathe kuti naye akonze kalendala yake. Malisiti a ulendo ndi ndalama yotsala ndikapereka kwa a msungichuma mawa m'mawa, zithunzi za kope la mtsikana uja ndinamupempha chilolezo ndipo ndibwera nazo Lachisanu.