Pampu ya pasukulu isamadikire chidindo teremu yonse

A Mkonzi,

Ndipatseni danga ndilankhuleko za ganizo loti sukulu za boma zimene zikukhoza bwino zizipatsidwa mpata woyendetsa zinthu zina pazokha. Ine ndili kumbali ya amene akuti zipatsidwe, ndipo chimene chandiimika kumeneko ndi pampu ya madzi.

Ndine msungichuma wa komiti ya makolo, SDC, pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Dzina lake sinditchula, kuopera kuti a hedi athu angavutike ndi pakamwa panga. Sabata yatha tinali ndi mwambo wopereka mphoto, ndipo kunabwera bwana wina wochokera ku ofesi ina yapamwamba. Anaima pamaso pa makolo, suti yosita bwino, nanena kuti sukulu yathu ndi chitsanzo, ena atengere pomwepa. Tinawomba m'manja. Patebulo pake panali botolo la madzi ogula kusitolo, chifukwa pampope wa pasukulu yachitsanzoyo sipatuluka kanthu. Ndipo ofesi imene bwanayo anachokera ndi yomwe ija inasunga pepala lathu la pampu mpaka ndalama zinasungunuka.

Owerenga akudziwa kale za madzi mu Harare muno, sindichita kufotokoza. Madzi a khonsolo amabwera tsiku limene afuna. Sukulu yathu imadalira mjigo, ndipo pampu yake inapsa m'nyengo yozizira ya 2024. Tinachita zonse zimene lamulo limafuna. Lamulo la Education Act limati levi, ndalama imene makolo amasonkhera sukulu, singakwezedwe popanda msonkhano wa makolo, pamsonkhanopo pafike makolo osachepera 20 pa 100 alionse, ambiri mwa iwo avomere, kenaka pempho lipite kwa mlembi wamkulu wa unduna kuti alole. Ife tinadzaza holo mpaka ena kuima pamawindo. Makolo, ambiri a iwo ogulitsa masamba ndi zovala za kaunjika, anavomera okha kusonkha kangachepe kuti tigule pampu ya sola ndi thanki. Amayi ena anakweza manja onse awiri. Tinatenga makoteshoni, tinalemba mfundo za msonkhano, a hedi anasayina, apampando anasayina, pepala linanyamuka.

Linabwerera. Akuti chidindo cha sukulu chili patsamba loyamba lokha, chikufunika pa tsamba lililonse. Tinadinda. Linabwereranso, akuti pa tsamba lina chidindo chaphimba deti. A Mkonzi, chidindo chimenecho ndachigwira ndi dzanja langa, ndi kamtengo kokhala ndi labala kunsi, kakang'ono kuposa sopo wosambira. Sindinkadziwa kuti ndi chimene chimasunga maphunziro a dziko lino kuti asagwe. Ana a Giredi 1 ankabwera ndi zigubu za malita awiri kuchokera kunyumba, zina zolemera kuposa zikwama zawo, kudzathira m'zimbudzi. Aphunzitsi ankatulutsa ana masana kusanafike chifukwa cha fungo. Koma tithokoze, deti inapulumuka, tsopano ikuoneka bwinobwino. Ulendo wotsatira munthu wosayina anali kumsonkhano. Ulendo wina anali patchuthi, ndipo womugwirizira mpando anati iye sangasayine za mnzake. Ndalama ya kombi yopitira m'tauni kukafunsa inkatuluka m'thumba mwanga, chifukwa kuti ndiitenge m'thumba la sukulu pakanafunikanso pepala lina, ndi chidindo chake.

Tili mkati modinda, pa 27 September 2024 Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya ZiG, ndalama ya dziko lino. Dola imodzi ya America imene inali pafupifupi ZiG 14 inafika pa 24 ndi kanthu tsiku limodzi. Koteshoni yathu inasanduka pepala lokulungira mtedza. Chilolezo chitafika, ndalama imene makolo anavomera inali yosakwana ngakhale kugula mapanelo. Ndiye akuti itanani msonkhano wina, pezani makoteshoni ena, dindani.

Kodi anthu amenewa anaiwala kolera? Ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, pamphuno pathu pomwepa. Mu 2023 inasautsa ku Kuwadzana. Tsiku limene mwana mmodzi adzayambe kutsekula m'mimba pasukulupa, galimoto za maofesi zidzafika m'mawa womwewo, ndipo amene adzafunsidwe ndi a hedi, osati chidindo.

Sindikunena kuti lamulolo n'lopanda chifukwa. Tonse tikudziwa sukulu zimene zinkakweza fizi mmene zafunira, ndi makomiti amene ankadya ndalama za makolo. Koma bwanji onse azimangidwa ndi chingwe chimodzi? Mabuku athu a ndalama owerengera a boma anawaona, sanapeze senti yosowa. Zotsatira za Giredi 7 pasukulu yathu zakhala zili pamwamba zaka zotsatizana, pamene m'dziko lonse okhoza mayeso a Giredi 7 a bungwe la mayeso la ZIMSEC sanakwane theka mu 2023, ndipo mu 2024 sanakwanenso. Ana athu amakhala mosinthana m'makalasi, ena m'mawa ena masana, koma akukhozabe. A hedi amene akwanitsa zimenezi mukuwakhulupirira ndi ana oposa chikwi tsiku ndi tsiku, koma simungawakhulupirire ndi pampu? Zili ngati mayi amene walera ana asanu ndi kuwakwatitsa, koma mpaka lero akapempha kaye kwa apongozi asanagule mchere.

A nduna a zamaphunziro a pulayimale ndi sekondale, ndikupempha mwaulemu muwerengenso gawo 264 la malamulo aakulu a dziko a 2013. Limanena kuti mphamvu zitsike kwa anthu, kuti anthu a dera azitenga mbali pa zinthu zokhudza iwo eni. Gawo 75 limapatsa mwana ufulu wa maphunziro. Sindine loya, koma sindikuona mmene mwana wotulutsidwa m'kalasi isanakwane 12 koloko akulandirira ufulu umenewo. Mawu oti mphamvu zitsike timawamva pa wailesi pafupifupi sabata iliyonse. Zikutsikira kuti? Pageti la sukulu yathu sizinafike.

Ndipo sitikupempha chinthu chimene dziko silinaonepo. Kutsidya kwa Limpopo, lamulo la sukulu la ku South Africa la 1996 lili ndi gawo 21. Komiti ya sukulu imene yaonetsa kuti ikutha imapempha, ndipo ikaloledwa imakonza yokha nyumba zake, imagula yokha mabuku, imalipira yokha madzi ndi magetsi. Ikalephera mphamvuzo amailanda. Ku England mu 2010 anakhazikitsa lamulo lolola sukulu kuchoka m'manja mwa makhonsolo, ndipo zoyamba kuloledwa zinali zimene oyendera sukulu anazipeza kuti zikuchita bwino kwambiri. Za ku England anthu amatsutsana nazo mpaka lero, ndipo ine sindikufuna kuti tifike kumeneko. Aphunzitsi azilembedwabe ndi boma, silabasi ikhale imodzi, mayeso akhale amodzi. Ine ndikunena za pampu, malata, madesiki, choko ndi mlonda wa pageti.

Mnzanga wina wa mu komiti, mphunzitsi wopuma, amanditsutsa. Akuti mukatero mubweza zija za 1979 zogawa sukulu za boma m'magulu a Group A ndi Group B, sukulu za kumayadi zizinka patsogolo, za kumalokeshoni zizitsala. Mantha ake ndi oona ndipo ndimawalemekeza, chifukwa ifeyo ndi amene tinali a Group B. Koma taonani mmene zilili lero. Sukulu ya kumayadi pampu ikapsa, kholo limodzi lokhala ndi kampani limangoimba foni, mawa lake pampu yafika ngati mphatso, popanda msonkhano, popanda pepala. Amene amafa ndi chidindo ndi ife osonkha timadola. Lamulo lolimbali silikutchinga olemera, likutchinga osauka amene akufuna kudzithandiza. Ndipo ngati mukuopa tsankho, musayeze ndi kukhoza kokha. Yezani ndi kumene sukulu yachokera. Sukulu ya kumadera osauka a Epworth kapena Hopley imene yakwera kuchoka pansi, mabuku ake a ndalama ali oyera, iyenera kuloledwa isanaloledwe ya kumayadi ku Borrowdale imene yangokhala pamene inali.

Kunena zoona, vuto ndi lalikulu kuposa pampu. Chilichonse chimatsika kuchokera kumwamba, ife timangomva. Mu 2014 anatiletsa kupereka kangachepe kwa aphunzitsi, popanda kufunsa amene tinkapereka. Mu 2021 inabwera CALA, ntchito zimene ana ankapatsidwa kuti malikisi ake aziwerengedwa pa mayeso, makolo tinagona usiku tikumata mapepala ndi kulipira kosindikiza. Mu 2024 inachotsedwa, kwabwera silabasi yatsopano ndi mapulojekiti ake, mabuku amene tinagula aja ena angokhala. Ndalama za boma za BEAM, zimene zinayamba mu 2001 kuti zizilipirira ana amasiye ndi osauka, zimafika mochedwa, ndipo ana amenewo sitingawabweze, sitikufunanso kuwabweza. Ndiye sukulu imayenda ndi chiyani? Boma likachedwa kulipira palibe amene amalibwezera pepala kuti chidindo chaphimba deti.

Ndipo pamene ndili pomwepa, ndinenenso ichi. Pa kaundula wa msonkhano uja anatifunsanso za makolo ena amene sanalembe manambala a zitupa. Ena mwa iwo ndi agogo athu, ana a anthu amene anabwera kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale. Anabadwira kuno, akalambira kuno, akulera zidzukulu kuno, koma ena mapepala awo sanalongosoke mpaka pano, ngakhale gawo 43 la malamulo a 2013 linati wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Chichewa chathu chili pa mndandanda wa zilankhulo 16 za dziko, koma dzanja la gogo wolankhula Chichewayo likakwezedwa pamsonkhano akuti siliwerengedwa. A hedi amamudziwa gogo ameneyo, amadziwa nyumba yake ndi mdzukulu wake. Wa ku ofesi samudziwa, ndipo sangamudziwe. Nanga bwanji womaliza kugamula akhale amene sakudziwayo?

Oyendera sukulu ndi ochepa, galimoto ndi zochepa, mafuta ndi ochepa. Zimenezo timamva ndipo timakhulupirira. Ndiye nthawi yochepayo bwanji ikuthera powerenga zidindo za sukulu imene ikuyenda, m'malo mopita kumene ana akumaliza Giredi 7 osatha kuwerenga?

Pempho langa ndi ili, ndipo silifuna msonkhano wa ku hotela ku Victoria Falls. Harare ili ndi madistirikiti a zamaphunziro owerengeka. Tengani imodzi kapena ziwiri zimene zikuchita bwino, muyese kwa zaka zitatu. Sukulu imene zotsatira zake zikukwera ndipo mabuku ake ndi oyera iloledwe kugwiritsa ntchito levi imene makolo avomera, mpaka malire amene mungaike, n'kungodziwitsa ofesi pambuyo pake. Malisiti amatidwe pabolodi kuti kholo lililonse liwerenge. Zoposa malirewo zithere pa distirikiti, ndipo pakatha masiku 30 osayankha, chete ameneyo akhale chilolezo. Wakuba amangidwe, sukulu yake ibwerere ku chingwe. Ndipo chonde, wina alembe kalata yozungulira yonena kuti chidindo chimodzi patsamba loyamba n'chokwanira.

Kholo lotopa,
Mufakose, Harare