Usatengeke ndi 90 peresenti ija

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika, ndipo malembedwe ako akadali ngati popalasa nkhuku. Ukuti mwana mumusamutsire kusukulu ina chifukwa chaka chatha kumeneko anakhoza 90 peresenti. Taima kaye. Mlamu wako nayenso wakakamira nyimbo yomweyo, ndiye umuwerengere kalatayi.

Nambala imeneyo payokha siinena kanthu. Tiyerekeze kuti kalasi inayamba ndi ana 120. Mayeso atayandikira, 40 ofooka awabweza kalasi kapena awauza kuti akalembere kwina. Alemba 80, akhoza 72. Pachikwangwani alemba 90 peresenti, koma ukawerengera onse amene anayamba, ndi 60 peresenti basi. Ana 40 aja palibe amawafunsa, ndipo zimenezi zimandisowetsa tulo kuposa china chilichonse. Ukapita kwa ahedi upemphe kaundula: analembetsa angati, anabwereza angati, analemba angati. Ufunsenso kuti anawo analowa ndi malikisi otani. Sukulu yosankha anzeru okhaokha pakhomo imakolola pomwe sinalime. Yabwino ndi imene yalandira mwana wa 35 n'kumufikitsa pa 55.

Usaiwale kuti sukulu siichita zonse. Kafukufuku wa James Coleman ku America mu 1966, wa ana oposa 600,000, anapeza kuti kusiyana kwa makomo ochokera ana kumalemera kuposa kusiyana kwa nyumba zophunziriramo ndi zipangizo za sukulu. Ndiye iwe amene homuweki ya mwana umaiona kamodzi pa teremu, usaloze chala aphunzitsi okha.

Komanso mlandu wina ndi wa ofesi ya maphunziro ya m'dera. Ndi iyo imagawa aphunzitsi, kutumiza mabuku ndi kuyendera sukulu. Ikaunjika aphunzitsi a masamu pamodzi, kwina n'kusiya mmodzi pa ana 100, kenaka n'kudzudzula ahedi pa zotsatira, ndi chilungamo chimenecho? Woyendera sukulu weniweni sathera mu ofesi. Amakhala kumbuyo kwa kalasi, n'kutsegula makope asanu kuti aone tsiku lomaliza limene anachongedwa, n'kuyang'ananso wotchi. Phunziro la mphindi 40 likamayamba mochedwa ndi mphindi 10 tsiku ndi tsiku, gawo limodzi mwa magawo anayi a chaka lapita.

Kuopseza ndi manambala nako kuli ndi zake. Lamulo la maphunziro la ku America lotchedwa No Child Left Behind, limene pulezidenti George W. Bush anasaina mu 2002, linalamula mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse kuyambira giredi 3 mpaka 8, ati pofika 2014 mwana aliyense akhale akukhoza. Ku Atlanta, mzinda wa ku America komweko, kunapezeka kuti aphunzitsi ankafufuta mayankho olakwa a ana n'kulembapo olondola, ndipo mu 2015 anthu 11 anapezeka olakwa kukhoti. Chaka chomwecho lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina. Ana amene anawakonzera mayankho aja anakwera kalasi ali osadziwa, thandizo lowayenera osalandira.

Zithunzi unalonjeza zija zili kuti? Achemwali ako afunsa kawiri, ine ndatopa kukunamizira. Cholemberachi nachonso chayamba kudukiza. Ndimafuna ndikuuzenso za kujomba kwa aphunzitsi, chifukwa buku losainira m'mawa lija limanama kwambiri, makamaka Lolemba ndi Lachisanu, koma pepala landithera. Usamusamutse mwanayo usanaone kaundula, ndipo ukandi

Ndine mnzako uja.