Lipoti la Msonkhano wa Njira Zopangira Mapulogalamu Mwachangu

Kwa a Wapampando ndi mamembala onse,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa masiku awiri wa akatswiri opanga mapulogalamu a kompyuta, nditanyamula funso lanu lakuti titsate njira iti pa pulogalamu yotolera ndalama ija, yomwe eni ake akuifuna pasanathe miyezi itatu.

Tsiku loyamba linathera pa mbiri, ndipo sindichedwapo. Anatikumbutsa kuti mfundo za Agile, zomwe ndi njira zopangira mapulogalamu mwachangu pang'onopang'ono, zinalembedwa mu 2001 ndi anthu 17 amene anakumana ku Snowbird, ku Utah m'dziko la America, komanso kuti Kanban, njira yoyendetsera ntchito pogwiritsa ntchito makadi, inayambira m'mafakitale a Toyota isanalowe m'ntchito yathuyi.

Phindu lenileni ndinalipeza tsiku lachiwiri, pamene tinakambirana zinthu zisanu zimene akatswiri a mapulogalamu Barry Boehm ndi Richard Turner anati gulu liziyamba laziyeza lisanasankhe njira: kukula kwa gulu, kuopsa kwa zotsatira ngati pulogalamu italakwitsa, kusinthasintha kwa zofuna za eni ntchito, luso la ogwira ntchito, ndi chizolowezi cha gululo. Nditayeza gulu lathu ndi muyeso umenewu, ndinaona kuti Scrum, imodzi mwa njira za Agile imene imagawa ntchito m'magawo afupiafupi, ikutiyenera chifukwa tilipo asanu ndi mmodzi okha, pomwe malamulo ake amalola anthu 10 kapena ocheperapo, koma kuimeza yonse osatafuna kungatipweteke, popeza pulogalamu yathu ikhudza ndalama za anthu.

Choncho ndikupempha kuti tizigawa ntchito m'magawo a masabata awiri, tizikumana kwa mphindi 15 m'mawa uliwonse, ndipo tibwereke ku DSDM, yomwe ndi njira inanso ya Agile, njira ya MoSCoW, imene imasiyanitsa zofunika zedi ndi zimene zingadikire, kuti nthawi ikatithera tizichotsa zokongoletsa m'malo mosuntha tsiku loperekera ntchito. Koma gawo lolipirira ndalama lokha lisathamangitsidwe. Zofunika zake zilembedwe ndi kusainidwa, ndipo chilichonse cholembedwa pamenepo chiziunikidwa ndi munthu wachiwiri chisanatuluke.

Ena pamsonkhanopo ankati kulemba zikalata kotereku n'kubwerera ku waterfall, njira yakale yomaliza gawo limodzi la ntchito lina lisanayambe. Ine sindinagwirizane nawo, ngakhale anali akuluakulu kwa ine.

Pa ganizo lolemba anthu ena awiri ntchito ikachedwa, ndikuchenjeza kuti katswiri wa makompyuta Fred Brooks anaonetsa kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito yochedwa kumangoichedwetsanso, chifukwa akale amasiya zawo n'kuyamba kuphunzitsa atsopano. Ngati tikuwafuna, alembedwe gawo loyamba lisanayambe, ndipo ndikupempha kuti komiti igamule zimenezi pa msonkhano wathu wa Lachisanu.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu