Mipingo yathu isiye kubisala ku mawu oti "zimenezo ndi ndale"

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanu ndiyankhule nkhani imene yakhala ikundidya mumtima kuyambira mwezi watha. Ine ndine mkhristu wa kuno ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndinabadwira kufupi ndi Ulongwe, ndinabatizidwa konkuno ndipo ana anga akulowa kalasi konkuno, nde wina asaganize kuti amene akulembayu ndi munthu wodana ndi tchalitchi ayi.

Tinali pa maliro m'mudzi mwathu, usiku amayi akuimba m'nyumba ya siwa ife amuna tili panja tikuotha moto, mukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi wa June. Mdala wina amene anali mnzawo wa malemu agogo anga aamuna anandiitana n'kundifunsa kuti kodi iwe mdzukulu, agogo ako anakuuzapo zomwe anaona ku Joni? Ine ndinati ayi, ankangotiuza za mgodi ndi za njinga yomwe anabwera nayo. Nde mdalayo anayamba kufotokoza. Akuti anachoka limodzi ali anyamata, kuthawa chibalo cha Apwitikizi, anadutsa malire kulowa ku Nyasaland n'kukalembetsa konko ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, kontilakiti itatha agogo anapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina. Lamulungu lina akuyenda anamva nyimbo ikuchokera m'tchalitchi china cha azungu, chuni chake chomwechija chomwe ankaimba kwawo ali mwana, mawu okha ndiye a chinenero china. Anasangalala, anathamangira ku kachipinda kawo kukatenga buku la nyimbo n'kuvala jekete, atafika pakhomo munthu wolandira alendo anawabweza, akuti munthu wakuda amalowa muno ngati akudzakolopa basi. Agogo anakaima kuseri kwa mpanda n'kuimba nyimbo yonse m'Chichewa mpaka vesi yomaliza, kenako n'kubwerera.

Munthu ameneyu anakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, anandiphunzitsa katekisimu ine ndi pakamwa pake, koma nkhani iyi anapita nayo kumanda osatiuza olo tsiku limodzi. Usiku umenewo sindinagone.

Nditabwerera ndinayamba kuwerenga mbiri, ndipo ndikufuna owerenga anzanga amve chifukwa ambirife timangodziwa kuti amishoni anabwera, anamanga sukulu, basi. Ndi zoona anamanga. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape anafika ku Mvera mu 1889, kenako Nkhoma, ndipo cha m'ma 1909 anatsegula mishoni ya Mphatso kuno ku Angonia. Baibulo lathu la Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922 analimasulira ndi iwowo pamodzi ndi aphunzitsi achikuda, ndipo chaka chomwecho boma la Apwitikizi linatseka mishoni zawo kuno, akhristu n'kumadutsa malire wapansi kukadya Mgonero ku mbali ya Nyasaland. Zonsezi ine ndimazilemekeza ndipo sindingalole wina azinyoze.

Koma mpingo womwewo umene unatitumizira Uthenga, kwawoko unkachita chiyani? Mu 1857 sinodi yawo ku Cape inavomereza kuti inde Malemba akufuna anthu onse azipemphera pamodzi, koma chifukwa cha "kufooka kwa ena" akhristu osakhala azungu atha kumasonkhana ndi kudya Mgonero m'nyumba ina. Ena ake ati? Azungu amene zinkawanyansa kumwera chikho chimodzi ndi munthu wakuda. Taonani, sinodi inadziwa choonadi, inachilemba kumene, kenako n'kusankha kusakhumudwitsa anthu amene ankapereka chopereka chambiri. Mu 1881 anakhazikitsa mpingo wapadera wa makaladi, pambuyo pake wa anthu akuda, wa amwenye. Pamene ulamuliro wa tsankho wa apartheid unkayamba mu 1948 nduna yaikulu D.F. Malan anali munthu woti anakhalapo m'busa wa mpingo womwewo, nde boma silinavutike kupeza mavesi, linawapeza okonzakonza kale pa guwa. Pa 21 March 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville chifukwa chokana mapasi, ziphaso zomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo, kumapeto kwa chaka chomwecho atsogoleri a mipingo anakumana ku Cottesloe n'kugwirizana kuti munthu asaletsedwe kulowa tchalitchi chifukwa cha khungu, kanthu kakang'ono ngati kameneko, koma nduna yaikulu Verwoerd atakwiya masinodi anakana zomwe nthumwi zawo zomwe zinavomereza.

Analipo amene anakana kukhala chete. Abusa Beyers Naudé, Mbunu weniweni wochokera ku banja lolemekezeka, anasiya mpingo umene ankautumikira mu 1963 n'kulandidwa ubusa, mu 1977 boma linawaletsa kuyenda ndi kuyankhula pagulu kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1982 ku Ottawa bungwe la mipingo ya Reformed ya dziko lonse linagamula kuti kuikira kumbuyo apartheid ndi chiphunzitso chonyenga ndipo linaimitsa umembala wa mpingo wa azunguwo. Mpingo wa makaladi uja unalemba Chivomerezo cha Belhar n'kuchilandira mu 1986, chonena kuti umodzi wa mpingo si nkhani yosankha, ndi lamulo la Khristu. Ndiye mu November 1990 pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg pulofesa Willie Jonker anaimirira n'kuulula tchimoli m'dzina lake ndi la mpingo wake, ndipo Akibishopu Desmond Tutu anayankha pomwepo kuti munthu akapepesa mkhristu sangachitire mwina koma kukhululuka. Werengani nokha, 1857 kufika 1990 ndi zaka 133. Agogo anga anamwalira asanamve kuti kunali kupepesa kulikonse, ndipo ine ndakhala m'tchalitchi moyo wanga wonse sindinamvepo mawu oti Belhar kapena Rustenburg akutchulidwa pa guwa, ndazipeza ndekha pa foni ndili ndi imvi kale.

Nditatenga nkhaniyi kupita nayo pa kamsonkhano kathu, ndinangopempha kuti achinyamata aziphunzitsidwako mbiri imeneyi, mkulu wina amene ndimamulemekeza kwambiri anandidula n'kunena kuti achimwene zimenezo ndi ndale, ife tizilalikira Yesu. Ena n'kumagwedeza mutu kuvomereza. Akonzi, mawu amenewa ndi amene andipangitsa kulemba kalatayi, chifukwa ndi mawu omwewo ndendende amene ankanenedwa nthawi ija kwa aliyense wofunsa kuti bwanji wantchito wa m'gadeni akuimira kuseri kwa mpanda. Paulo atamuona Petro ku Antiokeya akudzipatula osadya ndi akhristu a mitundu ina chifukwa choopa anthu ochokera kwa Yakobo, anamudzudzula pamaso pa onse, zili pa Agalatiya 2, kodi Paulo ankachita ndale? Nkhani inali ya mbale ya chakudya, ndani akhale ndi ndani, ndipo Paulo anati apa choonadi cha Uthenga Wabwino chapotozedwa.

Tsono tisangoloza chala ku Joni ngati kuno kunali koyera. Abale anga a Katolika musakhumudwe, amayi anga aang'ono ndi a Katolika ndipo theka la mudzi wathu linaphunzira ku sukulu za mishoni ngati Lifidzi, koma mbiri ndi mbiri. Mu 1940 Portugal inasainirana pangano ndi Vatican, ndipo chaka chotsatira lamulo linapereka maphunziro a anthu otchedwa indijena, ndiye kuti anthu akuda osawerengedwa ngati nzika, m'manja mwa mishoni za Katolika. Mwana wa mzungu ndi wa asimilado, munthu wakuda amene boma linamuvomereza kuti watengera chikhalidwe cha Apwitikizi, ankapita ku sukulu ya boma, mwana wa mlimi wa ku Domwe kapena Tsangano ankapita ku kasukulu koyambira kophunzira Chipwitikizi pang'ono, mapemphero ndi kulima munda wa mishoni. Lamulo logawa anthu kuti uyu ndi nzika uyu ndi indijena linathetsedwa mu 1961 mokha. Nthawi yonseyo anthu akugwidwa chibalo, akumenyedwa mbalamatodya m'manja mpaka kutupa, mabishopu ambiri ankadalitsa mbendera ndi kukhala pa mipando ya kutsogolo pa zikondwerero za boma. Bishopu Sebastião Soares de Resende wa ku Beira ankadzudzula ntchito yokakamiza poyera, koma anali ngati munthu woimba yekha nyimbo anzake osavomera.

Ndipo kuno ku Tete kukhala chete kunali ndi mtengo wa magazi. Mu 1971 ansembe a White Fathers ananyamula katundu n'kutuluka m'Mozambique onse, ananena mosabisa kuti sangapitirize kutumikira pamene akuluakulu a mpingo akukhala chete pa nkhanza za boma. Ansembe awiri a ku Spain, Alfonso Valverde ndi Martín Hernández, amene anaulula za kuphedwa kwa anthu ku Mucumbura, anakatsekeredwa ku ndende ya Machava. Kenako pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi tauni ya Tete pomwepa, amayi, ana, nkhalamba, ena kuwatsekera m'nyumba n'kuyatsa moto. Amene analemba maina a akufawo ndi ansembe wamba ndi owathandiza achikuda, n'kuzembetsa mapepalawo kunja, mpaka bambo Adrian Hastings anaitulutsa nkhaniyi m'nyuzi ya The Times ku London mu July 1973. Boma linati mudzi wotero kulibe olo pa mapu. Bishopu Manuel Vieira Pinto wa ku Nampula atayankhula anathamangitsidwa mu 1974. Ndikamaganiza za anthu awa mtima umandiwawa komanso ndimawanyadira, chifukwa anasonyeza kuti kuyankhula kunali kotheka, amene anakhala chete anachita kusankha. Mu September 2022 nduna yaikulu ya Portugal António Costa anapepesa za Wiriyamu ali ku Maputo, patapita zaka pafupifupi 50. Akuluakulu anati mlandu suola. Nanga ngati munthu wandale wafika popepesa, ife a tchalitchi amene Lamulungu lililonse timagwada kuulula machimo athu, chikutivuta n'chiyani kungoitchula nkhaniyo?

Ndikudziwa ena ati mpingo nawo unazunzika, ufulu utabwera mu 1975 sukulu ndi zipatala za mishoni zinalandidwa, kenako nkhondo inatibalalitsa ambirife tinakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu ngati othawa kwawo mpaka mtendere wa 1992. Inde, ine ndinali mwana m'misasa imeneyo. Koma kuzunzika kwako sikufufuta ngongole yako.

Chomwe chikundiopsa kwambiri ndi choti chizolowezi chokhala chete tinachitengera ifeyo, azungu anapita kale koma chetechete uja anatsala m'nyumba. Zaka zapitazi abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama kuno kwathu ndi ku Malawi, manda kufukulidwa, makolo kuleka kutumiza mwana ku sukulu chifukwa cha mantha, nkhani ya khungu yomweyo. Ndi maulaliki angati amene munamva pa nkhani imeneyi? Ine ndinaona ndi maso anga mayi wina wa mwana wachialubino akukhala yekha ku benchi ya kumbuyo, amayi anzake apakati akusuntha kuti asayandikane naye, ndipo ine amene ndikulemba pano sindinanene kanthu tsiku limenelo, ndinaimba nyimbo n'kupita kunyumba. Mdala uja atandiuza za agogo, nkhope ya mayi ameneyu ndi imene inandibwerera. Pa Ezekieli 33 mlonda akaona lupanga likubwera osaliza lipenga, magazi amafunsidwa m'manja mwa mlondayo.

Pempho langa kwa abusa, ansembe, masinodi ndi ma dayosizi si lalikulu. Amene akuphunzira zaubusa, kaya ku sukulu ya ubusa ya Hefsiba kuno ku Ulongwe kaya ku seminale, aphunzire mbiri yonse, ya Mphatso pamodzi ndi ya 1857, ya mishoni za Lifidzi ndi Boroma pamodzi ndi ya Wiriyamu, kuti akadzaima pa guwa adzathe kuiuza mipingo m'chinenero chathu. Chivomerezo cha Belhar ndi chachifupi, munthu atha kuchiwerenga chonse pa nthawi ya zolengeza, chiwerengedwe ife timve tokha n'kukambirana. Lamulungu loyandikira 16 December tipemphere potchula midzi ija maina ake, anthu aja ankayankhula Chinyungwe koma ndi athu, ndipo tiwatchulenso ansembe ndi abusa amene anamangidwa chifukwa chotsegula pakamwa. Komanso achinyamata a kwaya amene ali ndi mafoni ojambula, m'malo mongojambula nyimbo, apite kwa nkhalamba zomwe zatsala akazifunse za chibalo, za Wenela, za sukulu za nthawi ija, chifukwa tikuika maliro mwezi ndi mwezi ndipo aliyense akupita ndi zake ngati mmene anapitira agogo anga.

Mdala amene anandiuza nkhaniyi ali ndi zaka zoposa 90, maso sakuonanso bwino. Ndapangana naye kuti Loweruka likubwerali ndipita ndi ana anga awiri ndi buku la nyimbo la agogo lomwe ndinalipeza m'sutikesi yawo, akatisonyeze kuti nyimbo ija inali nambala chani.

Ine wanu,
Mkhristu wa ku Ulongwe, Angonia