Chithunzi cha mkango ndi hatchi chili ndi mwini wake

A Mkonzi,

Zandipweteka kwambiri zomwe munachita sabata yatha ndi chithunzi chija munaika pa nkhani ya mikango yogwira ziweto. Munadula mutu wa hatchi kuti chikwane pa tsamba, kenako pansi pake n'kulembapo kuti "Chithunzi: Intaneti". Kodi intanetiyo ili ndi manja? Inagwirapo burashi liti?

Chithunzicho n'cha George Stubbs, Mngelezi wobadwira ku Liverpool mu 1724. Munthu ameneyu anatha miyezi 18 ku Horkstow akusenda mitembo ya mahatchi, kujambula mnofu uliwonse ndi fupa lililonse, mpaka anatulutsa buku la thupi la hatchi mu 1766. Mkango wodumphira hatchi pamsana anaujambula mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 30. Akatswiri amati maganizowo anawatenga pa chosema chakale chomwe anaona ku Rome mu 1754, ndipo mkango weniweni ankakauyang'anitsitsa m'khola la nyama la Lord Shelburne. Thukuta lonselo inu mwalidula ngati chigamba cha telala.

Komanso mwadula penipeni. Mphamvu ya chithunzicho ili kumutuko: khosi lopotoka, maso otong'oka, mano pamtunda, hatchi ikutembenukira chilombo chomwe chikuidya. Mukachotsa mantha amenewo mwatsala ndi chiyani? Matako a hatchi basi! Ku nyumba zosungira zojambula za Tate ku London ndi Yale ku America amasunga zithunzi za Stubbs zimenezi zathunthu, inu mwaona kuti mukudziwa kuposa iwo.

Nanga mlimi amene wataya ng'ombe yake mwamuthandiza chiyani pomuonetsa hatchi ya ku England? Analibe khola loti wojambula wanu akalijambule?

Khalidweli mwalizolowera. Ndi ojambula athu omwe mumachita chimodzimodzi: ntchito yawo pa tsamba, dzina palibe, ndalama palibe. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, mukuziona izi? Nanga a Media Council of Malawi, malamulo anu a utolankhani amalola kubisa mwini ntchito? Stubbs anamwalira mu 1806, sangabwere kudzadandaula, koma anyamata ojambula pamanja m'matauni mwathu ali moyo ndipo ana awo akufuna chakudya.

Chitulutseninso chathunthu sabata ino, dzina lake pansi, ndipo wokonza masambayo muuzeni azifunsa asanadule.

Wokonda zojambula,
Zomba