Zipatala zazing'ono zikhale ndi kaundula wa odwala sitiroko

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi a Unduna wa Zaumoyo kudzera m'nyuzipepala yanu. Munthu akagwidwa ndi sitiroko, achibale amathamanga naye kuchipatala cha boma, ena mpaka ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Akatulutsidwa, mbiri yonse ya matenda ake imakhala m'kabuku kakuchipatala kamene amasunga yekha. Kabukuko kakanyowa kapena kutayika, kuchipatala chaching'ono cha kwawo palibe amene amadziwa kuti m'mudzi wakutiwakuti muli bambo wofa dzanja ndi mwendo amene mankhwala a BP anamuthera kalekale. Chonsecho sitiroko imakonda kubwereranso kwa amene inawagwirapo.

Njira yake tili nayo kale. Chiyambireni kupereka ma ARV mwaulere mu 2004, chipatala chimasunga khadi la wodwala aliyense, ndipo wina akasiya kubwera amamulondola mpaka kunyumba. Nanga wa sitiroko walakwanji? Ku Britain, m'chaka chomwecho cha 2004, madokotala a m'madera anayamba kulandira ndalama yowonjezera akasunga kaundula wa odwala sitiroko ndi kuwayeza BP. Ife tisadikire makompyuta. Buku lachikuto cholimba ndi cholembera n'zokwanira poyambira.

M'bukumo mulembedwe dzina, mudzi, tsiku limene anagwa, BP, shuga, ngati ali pa ma ARV, komanso ngati anajambulidwa m'mutu. Chomalizachi n'chofunika kwambiri. Aspirin amathandiza amene mtsempha wa muubongo unatsekeka, koma kwa amene mtsempha unaphulika angathe kuwonjezera vuto, ndipo dokotala wa kuchipatala chaching'ono sangazidziwe pongomuyang'ana wodwalayo.

Maina ambiri sadzabwera okha. Kwathu kuno munthu akakhota pakamwa, ena amati anamumenya ndi hamala, n'kuyamba kufufuza mfiti m'malo mofufuza makina oyezera BP, kumachita ngati kuthamanga kwa magazi n'kwachilendo. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali nako. Alangizi a zaumoyo ndi mafumu amadziwa nyumba zimene muli anthu ogona chigonere. Apatsidwe mafomu, alembe mainawo, ndipo mwezi uliwonse mkulu wa chipatala aone amene sanabwere kudzatenga mankhwala n'kutuma munthu wokamuona.

Wokhudzidwa,
Ntcheu