Dandaulo pa trade ya ruck imene inasowa ndi mayankho achipongwe a wantchito wanu

Kwa Oyang'anira Makasitomala,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni ndaimba kanayi, ku ofesi kwanu ndafikako kawiri, koma mpaka lero palibe amene wandithandiza. Zonse za akaunti yanga muli nazo, choncho sindizibwereza.

Aliyense amene amasewera fantasy ya AFL (masewera a pa intaneti amene umagula osewera enieni a mpira wa ku Australia ndi ndalama zongoyerekeza, n'kumapeza mapointi molingana ndi mmene asewerera) amadziwa kuti pa malo a ruck, wosewera wamtali wolimbirana mpira m'mwamba, munthu salakwitsa. Pabwalo umaikapo awiri okha, ndipo amene amabweretsa mapointi sabata ndi sabata ndi owerengeka: Max Gawn, Brodie Grundy, Tim English, Tristan Xerri, Rowan Marshall. Mitengo yawo ndi yokwera. Kuti ufike pogula mmodzi umapirira masabata angapo, kudikira achinyamata otchipa akwere mtengo, kuwagulitsa, kwinaku ukuonetsetsa kuti ma ruck ako onse awiri asadzapume sabata imodzi pa nthawi ya bye, pamene matimu ena sasewera. Ine ndinachita zonsezi. Pa benchi ndinasiyapo ruck wotchipa amene sasewera n'komwe, kuti ndalama zipite pofunika.

Lachinayi madzulo matimu atalengezedwa, ndinaona kuti ruck wanga wachiwiri palibe. Pompo ndinamugulitsa n'kugula Gawn. App yanu inalemba kuti zatheka, ndipo ndinajambula chithunzi, nthawi ikuoneka pamwamba. Ndinakagona mtima uli m'malo. Loweruka, timu yanga itatsekedwa kale moti sindikanasinthanso, ndinapeza Gawn kulibe, ruck wachiwiri ndinagulitsa uja ali pomwepo, koma trade yanga (mwayi wosinthira wosewera) mwaichotsera. Pamalopo ndinapeza ziro, ndipo ndinagonja kwa mnzanga wa kuntchito ndi mapointi 31.

Chimene chandiwawa koposa ndi foni yachitatu. Nditadikira mphindi 25, bambo amene anayankha sanandilole kumaliza kufotokoza. Atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa ngati ndimawamvetsa masewerawa, n'kunena kuti mwina ndipemphe munthu wobadwira kuno andionetse podina. Nditatchula za chithunzi anaseka, n'kuti chithunzi aliyense angapange. Kenako foni inaduka. Ndakhala ku Melbourne zaka zisanu ndi zinayi. Ndazizidwapo pa mipando ya bwalo la masewera la MCG m'mwezi wa Julayi, mwana wanga ali pambali ndi sikafu yake, tikuonera ma ruck akulimbirana mpira pakati pa bwalo. Kodi munthu amene amakulipirani chaka ndi chaka mumamutcha wabodza chonchi?

Ulendo woyamba wobwera ku ofesi kwanu ndinakwera sitima kuchokera ku Werribee mpaka Southern Cross, nditapempha theka la tsiku kuntchito popanda malipiro. Ndinakhala pa mpando ola lathunthu, kenako anandiuza kuti woona za nkhanizi watuluka, ndibwere Lachiwiri. Lachiwirilo ndinabweradi. Mlonda wa pakhomo anangondipatsa kapepala kolembedwa imelo, imelo yomwe ija ndinalembako kale kawiri osayankhidwa. Simunandilole ngakhale kukwera pamwamba.

Pakali pano mtengo wa Gawn wasintha, ndalama zimene ndinasunga sizikukwananso, ndipo dongosolo langa lonse la bye lasokonekera.

Ndikupempha mundibwezere trade imene munachotsa, mukonze mapointi a sabata ija molingana ndi chithunzi chimene ndaphatikiza, ndiponso mubweze ndalama zimene ndinalipira chaka chino. Ndikufunanso kupepesa kolembedwa pa zimene bambo aja anandiyankhula. Mafoni mumati mumawajambula, ndiye kamvetsereni nokha.

Mukapanda kuyankha pasanathe masiku 14, nditseka akaunti yanga ndipo nkhaniyi ndikaitula ku Consumer Affairs Victoria, ofesi ya boma yoteteza ogula. Mu ligi yathu tilimo anthu 12, ndipo chithunzi chija onse anachiona. Asanu ndi awiri anena kale kuti chaka chamawa tikasewera kwina.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
Werribee, Victoria